Kuyeza kutopa kwa madokotala ndi anamwino nthawi ya mliri: mafunso ndi mayankho

Mliri wa Covid-19 utavuta, chilichonse chinkawerengedwa. Mawailesi ankalengeza odwala, ochira ndi omwalira tsiku ndi tsiku, zipatala zikuwerenga mabedi ndi masilinda a mpweya. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti kuyambira Januwale 2020 mpaka Meyi 2021, ogwira ntchito zaumoyo apakati pa 80,000 ndi 180,000 anamwalira ndi matendawa. Amene anatsala anapitiriza ntchito, ambiri mphamvu zitawathera. Omwalira amawerengeka mosavuta, koma otopa ndi nkhani ina. Nawa mafunso amene munthu angafunse akamva kuti "theka la anamwino ndi otopa," pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi kutopa kumeneku n'kosiyana ndi kutopa kwa masiku onse?

N'kosiyana. Namwino amene wachezera usiku wonse mu wodi amatopa, koma akasamba, kudya ndi kugona, amadzuka mphamvu zitabwerera. Kutopa kumene akatswiri amakutcha burnout sikuchoka ndi tulo. Kumabwera pang'onopang'ono ntchito yolemetsa ikapitirira miyezi yambiri popanda mpumulo kapena thandizo, mpaka munthu kungoganiza za kuchipatala, nkhongono zonse zii.

Mmodzi mwa oyamba kulemba za vutoli ndi Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, mu 1974. Iye ankathandiza pa kiliniki yaulere yosamalira anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo, ndipo anaona anzake amene anayamba ntchitoyo ndi mtima wonse akufooka, akupsa mtima msanga ndi kutaya chidwi. Mu Meyi 2019, WHO inalongosola vutoli m'buku lake la ICD-11 ndipo inatchula mbali zitatu: kutheratu mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima kapena kuiona ngati yopanda pake, ndi kudziona kuti sukuphula kanthu. Bungweli linanenetsa kuti awa si matenda, koma vuto lochokera kuntchito. Choncho zotsatira za muyeso uliwonse zimanena zambiri za chipatala kuposa za munthu amene wayezedwayo.

Popeza sikuoneka m'magazi kapena pa X-ray, amakuyeza bwanji?

Amafunsa mwiniwake. Chida chodziwika kwambiri ndi Maslach Burnout Inventory, mwachidule MBI, chimene Christina Maslach wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anakonza pamodzi ndi Susan Jackson mu 1981. Pepala la ogwira ntchito zothandiza anthu lili ndi ziganizo 22, ndipo pa chilichonse woyankha amanena kuti zimenezo zimamuchitikira kangati, kuyambira 0, kutanthauza kuti sizinachitikepo, mpaka 6, kutanthauza tsiku lililonse.

Ziganizo 9 zimayeza kutheratu mphamvu, ndipo mapointi ake amafika 54. Ziganizo 5 zimayeza kuuma mtima kwa odwala, ndipo zimafika 30. Apa m'pamene wodwala amasiya kukhala mayi wa uje n'kukhala "wa bedi 7" kapena "wa shuga uja," kulira kwa gadiyani n'kumamveka ngati phokoso chabe. Ziganizo 8 zotsalazo zimayeza ngati munthu akuona kuti ntchito yake ikupindula, ndipo zimafika 48. Pa mbali ziwiri zoyambazo, mapointi ochuluka ndiwo chizindikiro choipa, pomwe pa yachitatu choipa ndi mapointi ochepa.

Mbali zitatuzi siziphatikizidwa kukhala nambala imodzi. Dokotala akhoza kutheratu mphamvu koma chifundo chake chili chonse. Wina akhoza kukhala ndi mphamvu koma mtima unachoka kale pa odwala. Awiriwa ali ndi mavuto osiyana, ndipo thandizo lawo silingafanane.

Kodi MBI ndi chida chokhacho?

Ayi. MBI ili ndi eni ake, ndipo wofuna kuigwiritsa ntchito amalipira malinga ndi kuchuluka kwa oyankha. Kwa chipatala chimene chikuvutika kugula magulovesi, ndalama imeneyo si yochepa. Mu 2005 ofufuza a ku Denmark, motsogozedwa ndi Tage Kristensen, anatulutsa Copenhagen Burnout Inventory, yaulere, ya mafunso 19. Iyo imafunsa za kutopa kwa munthu payekha, kutopa kochokera kuntchito, ndi kutopa kochokera kwa anthu amene akuwathandiza. Ku Germany kunachokera Oldenburg Burnout Inventory ya mafunso 16, yoyeza kutheratu mphamvu ndi kuchotsa mtima pantchito.

Palinso njira ya funso limodzi lokha, pomwe munthu amasankha pakati pa mayankho asanu, kuyambira kusangalala ndi ntchito mpaka kutheratu moti akufunika thandizo. Nthawi ya mliri njira zazifupi zoterezi zinatchuka, chifukwa munthu amene wavala zodzitetezera kwa maola 12 sungamupatse mulu wa mapepala. Koma funso limodzi limagwira makamaka kutheratu mphamvu, ndipo kuuma mtima kwa odwala kumatha kulipulumuka.

N'chifukwa chiyani kafukufuku wina amati otopa ndi ochepa, wina n'kumati ndi pafupifupi onse?

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2018, Lisa Rotenstein ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 182 wochokera m'maiko 45, wokhudza madokotala oposa 109,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Anapeza kuti chiwerengero cha otopa chinkayambira pa 0 mpaka 80.5 peresenti. Anapezanso kuti ofufuzawo anagwiritsa ntchito njira zosachepera 142 zodulira malire a yemwe atchedwe wotopa. Kusiyanaku kunali kwakukulu moti iwo anakana kupereka nambala imodzi yoimira onse.

Gwero lake ndi malire. Ambiri amati munthu wafika pachimake akapeza mapointi 27 kapena kuposa pa kutheratu mphamvu, 10 kapena kuposa pa kuuma mtima, ndi 33 kapena kuchepera pa kupindula kwa ntchito. Koma wofufuza wina amawerenga aliyense amene wadutsa malire pa mbali imodzi yokha, wina amafuna mbali ziwiri, wina zonse zitatu. Zili ngati mavenda awiri akuyeza thumba limodzi la chimanga, wina ndi ndowa yophwanyika m'mbali, wina ndi ndowa yatsopano: chimanga n'chomwecho, koma ndowa zituluka zosiyana. Eni ake a MBI anachotsa malire amenewa m'buku lawo la malangizo mu 2016, poona kuti anthu ankawatenga ngati chiphaso cha matenda pamene sanakonzedwere ntchito imeneyo. Choncho mukamva peresenti ya otopa, funsani zinthu zitatu: anagwiritsa ntchito chida chiti, malire anadula pati, ndipo anafunsa ndani.

Covid-19 itafika, ziwerengero zinaonetsa chiyani?

Umboni womveka bwino unachokera ku America, chifukwa kumeneko Tait Shanafelt ndi anzake anali akufunsa madokotala m'njira yofanana kuyambira kale. Madokotala okhala ndi chizindikiro chimodzi kapena kuposa cha kutopaku anali 45.5 peresenti mu 2011, 54.4 mu 2014 ndi 43.9 mu 2017. Mu 2020, chaka choyamba cha mliri, chiwerengero chinatsika kufika 38.2. Kumapeto kwa 2021 chinakwera kufika 62.8 peresenti, chokwera kuposa zaka zonse zimene anayezapo.

Kutsika kwa mu 2020 kunadabwitsa ambiri. Zifukwa zimene zimaperekedwa n'zakuti m'madipatimenti ambiri maopaleshoni osafulumira anaimitsidwa ndipo odwala matenda ena anachepa, komanso kuti poyamba anthu ankayamika achipatala, iwonso n'kumaona kuti ntchito yawo ili ndi tanthauzo. Pofika kumapeto kwa 2021 kuyamikako kunali kutazirala, mitundu ya Delta ndi Omicron itadzaza mawodi, ogwira ntchito atachepa, ndiponso mikangano ya katemera ikulowa m'zipinda zoonera odwala.

Ku Wuhan, kumene mliri unayambira, kafukufuku wochepa wa madokotala ndi anamwino a khansa mu 2020 anapezanso zosayembekezereka. Mwa amene anatumizidwa ku mawodi a Covid-19, otopa anali 13 peresenti, pomwe mwa amene anatsala m'mawodi awo akale anali 39 peresenti. Olemba ake anaganiza kuti akutsogolowo ankadziwa bwino zimene zikuchitika, anali ndi mphamvu zopanga ziganizo, ndipo ankayamikiridwa, pomwe otsalawo ankakhala ndi mantha osadziwa kuti kachilombo kalowera kuti. Kuyandikana ndi matenda si chinthu chokhacho chimene chimatopetsa. Kusowa chonena pa ntchito yako kumatopetsanso.

Kodi chimavuta n'chiyani kuyeza mliri uli mkati?

Choyamba, zipatala zambiri sizinayezepo antchito awo mliri usanafike. Ukapeza kuti 60 peresenti ndi otopa koma sukudziwa mmene zinalili chaka chatha, sunganene kuti mliri ndiwo wabweretsa vutolo.

Chachiwiri ndi amene amayankha. Mafunso ambiri ankatumizidwa pa intaneti kapena m'magulu a WhatsApp, ndipo oyankha ankakhala ochepa poyerekeza ndi amene analandira. Mwina amene ayankha ndi okwiya kwambiri amene apeza pokhuthulira, chiwerengero n'kukwera mopitirira. Mwinanso otopa kwambiri alibe ndi mphamvu yotsegula uthengawo, chiwerengero n'kutsika mopitirira. Amene anasiya ntchito, amene ali pa tchuthi cha matenda ndi amene anamwalira safunsidwa n'komwe, chonsecho ena mwa iwo ndiwo anasenza katundu wolemera kwambiri.

Chachitatu ndi nthawi. Mliri umabwera ndi kubwerera. Mafunso ofunsidwa sabata imene mpweya watha m'chipatala sangapereke yankho lofanana ndi ofunsidwa mawodi atapepuka. Komanso MBI imafunsa kuti chinthu chimachitika kangati pa chaka, pamwezi kapena pasabata, pomwe pa mliri moyo wa m'wodi umatha kusintha m'masiku ochepa. Muyeso wa ulendo umodzi umangonena za sabata imeneyo. Wodalirika ndi wobwerezedwa kwa gulu lomwelo, ndi chida chomwecho, miyezi ingapo iliyonse.

Kodi kutopaku kumatha mliri ukatha?

Sikutha msanga. Mu 2003 matenda a SARS anavuta mumzinda wa Toronto ku Canada, ndipo ogwira ntchito m'zipatala ambiri anadwala nawo. Robert Maunder ndi anzake anayeza achipatala a ku Toronto patapita miyezi 13 mpaka 26, n'kuwayerekeza ndi a mumzinda woyandikana nawo wa Hamilton, kumene zipatala sizinasamalire odwala SARS. A ku Toronto anali otopa kwambiri, opsinjika maganizo kwambiri, ndipo ambiri anali atachepetsa maola ogwira ntchito kapena nthawi yokumana ndi odwala. Amene ankaona kuti anaphunzitsidwa bwino ndi kuthandizidwa ndi akuluakulu awo anavutika pang'ono poyerekeza ndi anzawo.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Chipatala chimene chinasiya kufunsa antchito ake tsiku limenelo chinasiya msanga, chifukwa zotsatira za mliri pa achipatala zimaonekera kwambiri m'zaka zotsatira, pamene anthu odziwa ntchito akupuma nthawi isanakwane kapena kusamukira kwina.

Kodi wotopa motere ndi wodwala matenda a maganizo?

Si nthawi zonse, ngakhale zizindikiro zina zimafanana ndipo akatswiri amatsutsanabe za malire ake. Kusiyana kumene ambiri amagwirizana n'kwakuti kutopaku kumamangirira kuntchito: munthu akatalikirana nayo kwa nthawi, amayamba kupezako bwino. Matenda a kukhumudwa amamutsatira munthu kunyumba, kutchalitchi ndi kulikonse, ndipo amafuna chithandizo cha akatswiri.

N'chifukwa chake ofufuza osamala amaonjezera zida zina. PHQ-9 imayeza kukhumudwa, ndipo GAD-7 imayeza nkhawa. Kafukufuku wa Jianbo Lai ndi anzake, amene anafunsa achipatala 1,257 m'zipatala 34 za ku China kumayambiriro kwa 2020, anagwiritsa ntchito zida zoterezi. Anapeza zizindikiro za kukhumudwa mwa 50.4 peresenti, nkhawa mwa 44.6 peresenti ndi kusowa tulo mwa 34 peresenti, ndipo anamwino, amayi ndi ogwira ntchito ku Wuhan ndiwo anakhudzidwa kwambiri. Kafukufukuyu sanayeze burnout, ngakhale nthawi zina amatchulidwa ngati anatero.

Palinso bala lina limene mapepalawa saligwira bwino: kupweteka mtima kwa munthu amene akudziwa choyenera kuchita koma alibe chochitira. Dokotala amene ali ndi silinda imodzi ya mpweya ndi odwala atatu obanika ayenera kusankha, ndipo chisankhocho amapita nacho kunyumba. Munthu wotere kumuuza kuti apume masiku awiri sikumuchiritsa.

Nanga kuno ku Malawi tikudziwapo chiyani?

Tikudziwa kuti vutoli linalipo Covid-19 isanafike pa 2 Epulo 2020. Kafukufuku wa Viva Thorsen ndi anzake, wosindikizidwa mu 2011, anafunsa ogwira ntchito 101 osamalira amayi oyembekezera ndi obereka pa chipatala china chachikulu, ndipo 72 peresenti anaonetsa kutheratu mphamvu. Wina wa Maria Kim ndi anzake, wosindikizidwa mu 2018, anafunsa ogwira ntchito 520 osamalira anthu amene ali ndi HIV m'zipatala 89, ndipo 62 peresenti anapezeka otopa. Otopawo ndiwonso ankavomera kawirikawiri kuti nthawi zina sasamalira odwala moyenera. Koma nambala 62 imeneyi tisaiyerekeze msanga ndi 62.8 ya ku America, chifukwa kafukufuku wa kuno anawerenganso amene mapointi awo anali apakatikati, osati okwera okha.

Mliri unapeza achipatala athu ali kale ochepa ndi olemedwa. Mu Epulo 2020 madokotala ndi anamwino ena m'zipatala za boma ananyanyala ntchito podandaula za kusowa kwa zodzitetezera ndi kuchepa kwa alawansi ya ntchito yoika moyo pachiswe. Mu Januwale 2021 odwala anachuluka moti bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe linasandutsidwa chipatala chongoyembekezera. Amene akuyeza kutopa m'dziko ngati lathu ayenera kukumbukira kuti zida zambiri zinakonzedwa ku America ndi ku Ulaya, m'Chingerezi, ndipo malire ake anachokera kwa anthu a kumeneko. Madokotala ndi anamwino angayankhe m'Chingerezi, koma alangizi a zaumoyo, othandizira m'mawodi, oyeretsa ndi oyendetsa ambulansi nawonso anali pamoto womwewo. Iwo amafunika mafunso a m'chilankhulo chawo, oyesedwa kaye kuti akumveka monga anafunira, monga momwe PHQ-9 inayesedwera m'Chichewa.

Kodi achipatala amayankha zoona?

Amayankha zoona akatsimikiza kuti mayankho awo sadzawabwerera. Ntchito yachipatala imaphunzitsa kupirira, ndipo wodandaula amaoneka ngati wofooka. Funso lofunsa ngati munthu wasiya kumvera chifundo odwala ndi lolemera kwa namwino amene analumbira kutumikira, makamaka ngati pepalalo lidutsa m'manja mwa in-charge wake. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo m'zipatala zimachitikadi. Dr. Lorna Breen, mkulu wa dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi pa chipatala china ku New York, anadzipha mu Epulo 2020, ndipo abale ake ananena kuti ankaopa kuti kupempha thandizo la maganizo kungamuonongere ntchito. Mu Malichi 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lothandiza achipatala kupeza chithandizo chotere.

Choncho mapepala asakhale ndi maina, asonkhanitsidwe ndi munthu amene si bwana wa oyankhawo, ndipo zotsatira zitulutsidwe za gulu. Wodi ya antchito asanu isatchulidwe payokha, chifukwa aliyense adziwa kuti wayankha ndani. Pa pepala lomwelo palembedwenso kumene munthu angapite ngati akufuna thandizo lero.

Kupatula mafunso, kodi pali zizindikiro zina zoti mkulu wa chipatala aziyang'ana?

Zilipo, ndipo zambiri zili kale m'mabuku a muofesi mwake. Masiku a tchuthi cha matenda akuchuluka? Anthu akupempha kusamutsidwa kuchoka m'wodi iti? Namwino mmodzi akusamalira odwala angati usiku? Ndi angati akugwira shifiti ya usiku n'kupitiriza ya masana, kapena kudalira lokamu mwezi ndi mwezi? Tchuthi cha pachaka chikutengedwa kapena chikungounjikana? Zolakwika popereka mankhwala ndi madandaulo a magadiyani zikukwera? Chizindikiro chimodzi pachokha sichinena zambiri, koma zikaikidwa pambali pa mayankho a mafunso aja zimaonetsa wodi imene moto ukuyaka. Kukhala pansi ndi kagulu ka antchito n'kuwamvetsera kumaulula zifukwa zimene nambala singathe kunena.

Tikayeza n'kupeza kuti anthu atopadi, kenako chiyani?

Maslach ndi Michael Leiter anatchula mbali zisanu ndi imodzi za ntchito zimene zikasokonekera zimabala kutopaku: kuchuluka kwa ntchito, mphamvu zopanga ziganizo, malipiro ndi kuyamikiridwa, ubale wa ogwira ntchito, chilungamo, ndi kugwirizana kwa ntchito ndi zimene munthu amakhulupirira. Zonsezi zili m'manja mwa oyendetsa chipatala ndi boma. Mu 2017 Maria Panagioti ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri wa njira zochepetsera kutopa kwa madokotala, ndipo anapeza kuti kusintha kayendetsedwe ka ntchito kunathandiza kwambiri kuposa maphunziro ophunzitsa munthu payekha kupirira.

Pa mliri, zimenezi zikutanthauza zinthu zooneka ndi maso: zodzitetezera zokwanira, mashifiti okhala ndi malire, malo opumira ndi chakudya usiku, thiransipoti, alawansi yofika pa nthawi yake, uthenga woona wochokera kwa akuluakulu, ndi uphungu wachinsinsi kwa ofuna. Kufunsa anthu otopa kuti atopa bwanji, kenako n'kusunga mayankho mu kabati, kumangoonjezera mkwiyo, ndipo ulendo wotsatira sayankhanso.

Mliri wina udzabwera, kaya wa kolera, kaya wa kachilombo katsopano. Unduna wa Zaumoyo, zipatala za CHAM ndi mabungwe a madokotala ndi anamwino asankhe chida chimodzi, ayambe kuyeza panopa zinthu zili bata, abwereze chaka ndi chaka, ndipo zotsatira aziuza eni ake pamodzi ndi zimene zisinthe. Inu amene mukugwira ntchito m'chipatala, pepala lotere likakufikani yankhani zoona, ndipo mufunse kuti mayankho anuwo agwira ntchito yanji.